Musamafunse Mutu, Funsani Mkono

Ana anga ndi adzukulu anga a ku Moatize ndi ku Zóbuè, pakhomo pali ntchito imodzi imene ndikufuna muisenze ndinu. Si yolemetsa, ndipo pa tsiku imangodya mphindi khumi. Ntchito yake ndi kuyeza BP ya makolo anu ndi agogo anu, kulemba zimene makina anena, ndi kuonetsetsa kuti mankhwala akumwedwa monga ananenera achipatala. Ndikukupatsani inu chifukwa maso anu akadali akuthwa, manambala simuwaopa, ndipo foni yokumbutsa nthawi ili m'thumba mwanu. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti ife akuluakulu timakhulupirira thupi lathu koposa china chilichonse, pamene pa matenda awa thupi limanama.

Mumawamva amayi anu akunena kuti, "Lero yakwera, kunkhongo kukundilemera." Mawa lake akadzuka bwino amati yatsika, ndipo mapiritsi amabwerera m'chitini. Apa ndi pamene pali msampha. Kuthamanga kwa magazi, kaya mumati BP kaya tensau, mwa anthu ambiri sikupweteka paliponse. Munthu amalima, amakwera phiri la Zóbuè kukatola nkhuni, amavina pa ukwati, magazi ali pamwamba chaka ndi chaka. Mutu umawawa pa zifukwa zambirimbiri: dzuwa, njala, malungo, nkhawa, tulo tochepa. Kuwawa kwa mutu sikukuuzani kuti BP yakwera, ndipo kusawawa kwake sikukuuzani kuti yatsika.

Mu 2005 m'dziko lathu la Mozambique munachitika kafukufuku woyeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'zigawo zonse, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali Albertino Damasceno, dokotala wa mtima wa ku Universidade Eduardo Mondlane. Anapeza kuti anthu 33 mwa 100 alionse anali ndi BP yokwera. Mwa odwalawo, amene ankadziwa kuti akudwala sankafika 15 mwa 100. Atabwereza kafukufukuyo mu 2014 ndi 2015, odwala anali atafika pafupifupi 39 mwa 100, koma odziwa anali akadali pomwe paja. Kutsidya ku Malawi, kafukufuku wa 2009 anapezanso munthu mmodzi mwa atatu. Ndiye mukakwera chapa yochoka ku Moatize kupita ku Zóbuè, yang'anani akuluakulu amene mwapanikizana nawo. Angapo mwa iwo akudwala, ndipo ambiri mwa angapowo angakane mutawauza.

Makina amaonetsa manambala awiri, monga 120/80. Yapamwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima wafinya. Yapansi ndi mphamvu yotsala pamene mtima ukupuma pang'ono usanafinyenso. Inu okwera njinga mukudziwa chimene chimachitika ndi chubu chopopedwa mopyola: njinga imayenda bwinobwino, mwinanso imathamanga, mpaka tsiku limene chubucho chiphulika pamalo pofooka. Mwa munthu, malo ofookawo ndi ubongo, mtima, impso ndi maso. Mtsempha wa mu ubongo umang'ambika kapena kutsekeka, n'kukhala sitiroko. Mtima umakula chifukwa chokankha movutikira, kenako umatopa, munthu n'kuyamba kutupa miyendo ndi kubanika akagona chagada. Impso zimawonongeka mwakachetechete.

Za sitiroko ndiima pang'ono, chifukwa ndi pamene mabanja athu amapasukira. Dokotala Damasceno yemwe uja ndi anzake anawerenga odwala sitiroko amene anafika m'zipatala za ku Maputo kwa chaka chathunthu, kuyambira mu 2005 kufika mu 2006. Anapeza 651. Pafupifupi theka anamwalira asanathe masiku 28, ndipo ochuluka kwambiri anali a BP. Kumeneko ndi kulikulu la dziko, kumene kuli madokotala ndi makina ojambulira ubongo. Kwathu kuno, bambo akagwa m'bandakucha, kamwa n'kupotoka, mbali imodzi n'kufa, timamva kuti amenyedwa hamala ya afiti. Pasanathe sabata chala chimaloza gogo wina wamasiye kapena mlamu amene anakangana naye za munda. Banja limataya mbuzi poombeza, abale amasiya kulonjerana, koma palibe amene amayeza mkono wa mng'ono wa wodwalayo, amene magazi ake ndi amodzimodzi ndipo mchere amadya wofanana. Ine sindidzakangana ndi munthu pa za zikhulupiriro zake. Ndingopempha kuti musanatchule dzina la mnansi, muyambe mwayeza onse a m'nyumbamo.

Matendawa sasankha mphawi. Franklin Roosevelt, pulezidenti wa America, anamwalira mu April 1945 mtsempha wa mu ubongo utaphulika, BP yake itafika 300/190. Anali ndi madokotala oyenda naye kulikonse, koma mankhwala odalirika otsitsa BP kunalibe; mapiritsi okodzetsa amene tikumwa lerowa anayamba kupezeka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Chimene pulezidenti uja anasowa, agogo anu angachilandire pawindo la chipatala cha boma.

Tsopano za makina. Gulani a lamba womanga pamwamba pa chigongono, oyendera mabatire. Aja omanga padzanja ngati wotchi amasokonezeka msanga, dzanja likangokwera kapena kutsika pang'ono nambala imasintha. Gulani kumalo ogulitsira mankhwala odziwika, ku Tete kapena ku Moatize, osati pamphasa ya mumsika. Amene muli ndi intaneti, pali bungwe lotchedwa STRIDE BP limene limasunga mndandanda wa makina oyesedwa n'kupezeka olondola. Yang'anani dzina la makinawo musanapereke ndalama. Muyang'anenso kukula kwa lamba. Lamba wamng'ono pa mkono wonenepa amakweza nambala monama, ndipo azakhali anu adzamwa mankhwala ochuluka kuposa ofunika. Mukagula, pitani nawo makinawo kuchipatala kuti anamwino ayeze ndi awo, inunso muyeze ndi anu, muone ngati akugwirizana. Muzichita zimenezi kamodzi pa chaka. Mabatire akafooka musinthe, ndipo makinawo muziwasunga m'kabokosi kake, poti fumbi la ku Moatize nonse mukulidziwa.

Kuyeza kwenikweni n'kumene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa kumaoneka kophweka. Woyezedwayo asakhale atangomwa khofi, kusuta fodya kapena kuchokera kumunda. Padutse theka la ola. Ayambe wakataya madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza nambala. Akhale pampando wotsamira msana, mapazi onse pansi, miyendo yosapingasa, kwa mphindi zisanu. Ndikudziwa kuti agogo aakazi amakonda pamphasa, miyendo atatambasula, koma pa ntchito iyi muwapemphe mwaulemu akwere pampando. Mkono ugone patebulo, lamba akhale molingana ndi mtima, pakhungu osati pamwamba pa malaya, zala ziwiri kuchokera pachigongono. Kenako nonse mukhale chete. Apa ndiye povuta, chifukwa agogo akaona mdzukulu wakhala pafupi amakumbukira nkhani zonse za mudzi. Muwauze kuti, "Agogo, nkhaniyo ndiimva bwinobwino makina akamaliza." Kulankhula kokhako kumakweza nambala.

Tsiku loyamba yezani mikono yonse iwiri, ndipo umene waonetsa nambala yokwera ndi umene muzigwiritsa ntchito nthawi zonse. Nthawi iliyonse yezani kawiri, patadutsa mphindi imodzi pakati. Chitani m'mawa asanamwe mankhwala ndi asanadye, ndiponso madzulo. Mukachita masiku asanu ndi awiri otsatizana, siyani manambala a tsiku loyamba, poti tsikulo munthu amakhala ndi mantha ndi makina achilendo. Otsalawo muwaphatikize n'kugawa monga munaphunzirira kusukulu, apamwamba paokha, apansi paokha. Nambala yapakatiyo ndiyo imanena zoona. Kuchipatala malire ndi 140/90, atayeza masiku osiyana. Kunyumba, kumene munthu amakhala womasuka, malire ndi 135/85.

Kabuku ndi kofunika mofanana ndi makinawo. Gulani kope la ana asukulu, mulembe tsiku, nthawi, manambala awiri aja, ndi yachitatu yosonyeza kugunda kwa mtima. M'mphepete muzilemba zachilendo: dzulo kunali maliro sanagone, mankhwala anatha Lachiwiri, anadya nsomba ya chicoa masiku atatu. Lembani zimene makina anena, osati zimene mukufuna kuti anene. Alipo ana amene amachotsako pang'ono poopa kudandaulitsa amayi awo, ndipo alipo makolo amene amauza mwana kuti yoipayo asalembe kuopa kukalipiridwa kuchipatala. Kabuku konama n'koipa kuposa kusakhala nako.

Mwina mukufunsa kuti kuvutikiranji zonsezi pamene kuchipatala amayeza. Taganizani za mayi wochokera ku Cateme kapena kumidzi ya kuseri kwa Zóbuè. Wadzuka usiku, wayenda wapansi, wapanikizika m'galimoto, waima pamzere padzuwa, ndipo akangoona chovala choyera mtima ukugunda. Nambala ya tsiku limenelo ikhoza kukwera kuposa ya masiku onse. Madokotala amadziwa kuti pali anthu amene BP yawo imakwera kuchipatala kokha. Palinso ena, ndipo awa ndi amene ali pangozi yaikulu, amene kuchipatala imaoneka bwino koma kunyumba ndi kuntchito ili pamwamba. Wachipatala amamuona wodwala kwa mphindi zochepa pa mwezi kapena pa miyezi itatu. Mukamuikira patebulo manambala a sabata yathunthu, mwamupatsa maso oonera masiku amene iye kunalibe.

Koma makina asasanduke ula. Ndaona anthu oyeza kakhumi pa tsiku, nambala ikakwera pang'ono mantha, manthawo n'kuikwezanso. BP imasinthasintha mwa munthu aliyense, m'mawa ina, masana ina. Sabata imodzi musanapite kuchipatala, sabata imodzi mankhwala akasinthidwa, ndipo zinthu zikakhazikika kamodzi kapena kawiri pa sabata, basi zakwana. Ndiponso makina sakupatsani udokotala. Musawonjezere piritsi chifukwa lero yakwera, musachotse chifukwa lero yatsika. Nambala ikakhala yabwino, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti matenda atha. Mukaiwala zina zonse, ichi chokha musaiwale, chifukwa ambiri amene tinawaika m'manda anasiya mankhwala atapeza bwino.

Mankhwala amene mudzakumane nawo si ambiri, ndipo ndi bwino muwadziwe mayina. Pali hydrochlorothiazide, wokodzetsa, amene amachotsa mchere ndi madzi owonjezera. Kwathu kuno nthawi zambiri amabwera wosakaniza ndi amiloride. Ameneyu ndi wa m'mawa, kuti agogo asamadzuke usiku wonse. Pali amlodipine ndi nifedipine, amene amamasula mitsempha. Kwa ena amatupitsa akakolo. Pali enalapril ndi captopril, amene amatetezanso impso za odwala shuga, koma kwa ena amabweretsa chifuwa chouma chosatha. Chifuwa chimenechi chazunguza mabanja ambiri, makamaka kuno kumene aliyense akakhosomola timaganiza za fumbi la malasha kapena TB. Kayezetseni TB ndithu, koma muwauzenso achipatala dzina la piritsi limene wodwalayo akumwa. Ndipo milomo, lilime kapena nkhope zikatupa mwadzidzidzi mwa munthu womwa enalapril, thamangani naye nthawi yomweyo.

Musadabwe agogo akapatsidwa mitundu iwiri kapena itatu. Sizitanthauza kuti matenda afika posauzana. Odwala ambiri piritsi limodzi siliwakwanira. Mu 2019 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CREOLE, amene anatsogolera Dike Ojji wa ku Abuja, ndipo anachitika mwa odwala 728 m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa, Mozambique ali momwemo. Anapeza kuti mwa anthu akuda, mankhwala awiri ophatikiza amene mmodzi mwa iwo ndi amlodipine ankatsitsa BP bwino kuposa mankhwala ena otchedwa perindopril ophatikiza ndi wokodzetsa uja. Ndikutchula izi kuti mudziwe kuti mapiritsiwa anayesedwa pa matupi ngati athu, si zongotitayira.

Abambo ali ndi nkhani yawo imene sauza ana, ndipo inu simungawafunse maso ndi maso. Ena amasiya mankhwala mwakachetechete poona kuti mphamvu za kuchipinda zachepa. N'zoona kuti mankhwala ena amatero kwa anthu ena, koma BP yosasamalidwa nayonso imawononga mitsempha ya kumeneko. Mukaona mapiritsi a bambo sakutha mwezi ukatha, musawakalipire pagulu. Uzani amalume kapena mnzawo wa msinkhu wawo, kuti awalimbikitse kukanena kuchipatala. Mankhwala amasinthika, ndipo safunsa anadya phula.

Kutentha kwa Moatize nako kuli ndi mbali yake. Mu October ndi November, pamene dzuwa limapyola madigiri 40, munthu womwa okodzetsa amataya madzi ambiri. Akayamba kuchita chizungulire poimirira, yezani. Nambala yapamwamba ikamatsika pansi pa 100, munthu ali wofooka, kanenani kuchipatala. Chimodzimodzi akatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri. Madzi akumwa asamawasowe.

Inu a ku Zóbuè muli ndi vuto lanulanu, lobwera ndi mwayi wokhala pamalire. Mankhwala akasowa mbali ino, anthu amawolokera ku Mwanza. Akasowa uko, amabwerera kuno. Palibe cholakwa pofuna thandizo kumene lili pafupi. Koma piritsi limodzi lomwelo kuno lalembedwa m'Chipwitikizi, uko m'Chingerezi, kapena mwachidule ngati HCTZ, ndipo mtundu ndi kukula kwake zimasiyana malinga ndi fakitale. Agogo osawerenga amaona ngati ndi mankhwala awiri osiyana, n'kumamwa onse. Ena amamwa amlodipine wa mbali ino pamodzi ndi nifedipine wa mbali inayo, pamene awiriwa ndi a banja limodzi. Pa tsamba loyamba la kabuku kaja lembani dzina la mankhwala alionse, mamiligalamu ake, ndi nthawi yomwera. Kulikonse kumene mukupita, tengani kabukuko ndi timapepala tonse ta mankhwala, muwaonetse achipatala. Ndipo musadikire kuti piritsi lomaliza limwedwe. Pakatsala a sabata imodzi, yambani kufunafuna ena.

Chenjerani ndi mapiritsi a ululu ogula m'magolosale. Ibuprofen ndi diclofenac, amene akuluakulu amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo ndi msana, amakweza BP ndipo amavulaza impso. Mankhwala ena a chimfine nawonso amakweza. Za adyo, mandimu, masamba a chammwamba ndi mizu ya asing'anga, ine ndinena motere: adyo ndi chammwamba ndi ndiwo zabwino, idyani. Koma wina akakuuzani kuti botolo lake limachiza BP mpaka kalekale, ndipo muyambe mwasiya za kuchipatala, ameneyo akufuna ndalama zanu. Mapemphero ndimawalemekeza, ndipo ndimapemphera. Wopemphereredwa apitirize kumwa mankhwala, ndipo ngati wachiradi, manambala adzasonyeza kwa miyezi, achipatala eni ake adzachepetsa.

Wina anena kuti makina ndi odula, ndipo ulendo wa mwezi ndi mwezi umadya ndalama. Akunena zoona. Koma yankho lake linabadwira m'chigawo chathu chomwechino. Mu 2008, kuno ku Tete, odwala omwa ma ARV pamodzi ndi a zaumoyo a chigawo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayambitsa magulu amene tikuwadziwa kuti GAAC. Anthu osapyola asanu ndi mmodzi a mudzi umodzi ankagwirizana. Mwezi uliwonse mmodzi ankapita kuchipatala, iye n'kuyezedwa, n'kutengera anzake onse mankhwala. Asananyamuke ankakumana, kuwerenga mapiritsi a aliyense, kulemba, ndi kufunsana za thupi. Ndalama ya ulendo inachepa, ndipo anthu anasiya kusowa pamankhwala. Unduna wa zaumoyo unafalitsa njirayi dziko lonse, ndipo inawoloka malire mpaka ku Thyolo. Anthu amene panthawiyo ankasalidwa ndi amene anatiphunzitsa kumwa mankhwala a moyo wonse mosadumphitsa.

Nzeru imeneyo itengeni. Mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi angasonkherane makina amodzi, monga timachitira chipereganyu. Makinawo azigona sabata imodzi pakhomo lililonse, motero aliyense adzakhala ndi manambala ake a masiku asanu ndi awiri. Mpingo kapena gulu la amayi lingathenso kusunga amodzi. Za kutengerana mankhwala a BP mukafunse kuchipatala chanu ngati akulola, musangoganiza. Koma kuwerengerana mapiritsi ndi kukumbutsana tsiku la kuchipatala sikufuna chilolezo cha munthu. Ndipo amene akumwa kale ma ARV azipempha kuti awayezenso BP akapita kukatenga, chifukwa tsopano akukalamba ngati wina aliyense.

Kukhitchini ndiko kuli nkhondo yovuta, poti mchere ndi wokoma. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza supuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza bwino, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Ife a ku Tete timanyadira chicoa ya ku Cahora Bassa, ndipo ndi nsomba yokomadi, koma imaumitsidwa ndi mchere wambiri. Ivikeni m'madzi nthawi yaitali, tayani madziwo, ndipo mumphika musathirenso mchere wina. Timibulu ta caldo timene tafika m'ndiwo iliyonse timeneti, mbali yake yaikulu ndi mchere. Kuthira caldo, kuthiranso mchere, kenako kuika kambale ka mchere pamphasa, ndi kuthira katatu. Soda wa m'sitolo amene timaphikira therere alinso ndi sodium yemweyo amene ali mumchere. Musachotse zonse tsiku limodzi, agogo angakane nsima n'kunena kuti mukuwazunza. Chepetsani pang'onopang'ono, mphika umodzi wa banja lonse, osati kambale kapadera ka wodwala kamene kamamuchititsa manyazi. Pakapita masabata ochepa lilime limazolowera. Tomato, anyezi, nsinjiro ndi mandimu zimakometsa ndiwo. Nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba, mbatata ndi nthochi zimathandiza kutsitsa BP, ndipo ku Zóbuè ndi ku Angónia sizisowa. Wa matenda a impso yekha ndiye ayambe wafunsa kuchipatala asanachulukitse nthochi ndi zina zotere.

Ndalankhula za agogo nthawi yaitali, ndipo mwina mukuganiza kuti inu mulibemo. Kafukufuku wa 2005 uja anayambira pa zaka 25, osati 60. Kuchokera pamene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha mu 2011, mpaka mgodi unapita ku kampani ya Vulcan mu 2022, moyo wa Moatize unasintha. Anyamata amene akanakhala ndi khasu m'manja akukhala pampando wa makina maola ambiri, usiku ndi usana mosinthana. Ena akuyendetsa malole pa msewu wa N7, kugona pamzere wa pamalire, kudya tchipisi ndi nyama yambuzi yowaza mchere, kumwa zakumwa zoletsa tulo masana ndi mowa usiku. Ulendo umene kale unali wapansi lero ndi wa njinga yamoto. Mimba ikatuluka timati mwana wathu zikumuyendera. Sindikudana ndi ntchito kapena ndalama. Ndikungoti thupi lolemera, mowa wambiri, fodya ndi kusagona ndi zimene zimakweza BP, ndipo ngati bambo kapena mayi anu ali nayo, inu muli kale pafupi. Alipo amene amabwereka piritsi la mnzawo m'mawa wa tsiku loyezedwa kuntchito kuti nambala ioneke bwino. Akunamiza kampani tsiku limodzi, koma mtsempha wa mu ubongo sanaunamize. BP yodziwika ndi yosamalidwa simulepheretsa munthu kugwira ntchito. Sitiroko pa chiwongolero imapha iye ndi ena. Mukamaliza kuyeza agogo, mangani lambayo pa mkono wanu, ndipo ngakhale zili bwino muzibwereza kamodzi pa chaka.

Ana anga aakazi, inu muli ndi nthawi ina yoopsa. Pathupi pakapyola masabata 20, BP ikhoza kukwera ngakhale mwa mtsikana amene sanadwalepo. Ikafika 140/90, kapena mutu ukawawa kwambiri, maso kuchita chidima, nkhope ndi manja kutupa, kapena kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chotsatira chake ndi kukomoka kumene kumapha mayi ndi mwana. Musadumphe sikelo. Ngati mukumwa enalapril, captopril kapena losartan ndipo mwaima kapena mukufuna kutenga pathupi, kanenani msanga, chifukwa amenewa amavulaza mwana m'mimba. Alipo ena oyenera amayi oyembekezera, monga methyldopa ndi nifedipine. Ndipo mayi amene BP inamuvuta ali woyembekezera apitirize kuyezetsa atachira, poti imakonda kubweranso m'tsogolo.

Tsiku lina makina adzaonetsa 180/120 kapena kupyola. Ngati munthuyo sakumva chilichonse, akhale phee mphindi zisanu, muyezenso. Ikakhala pomwepo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Koma ngati kamwa lapotoka, mkono kapena mwendo wafooka, mawu akutuluka osamveka, maso asiya kuona bwino, pachifuwa pakupweteka kapena akubanika, musataye nthawi ndi makina. Muuzeni amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina lake. Chimodzi chikalephereka, yang'anani wotchi, lembani nthawi, funani galimoto. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala, chifukwa wa sitiroko amatsamwa mosavuta ndipo zimalowa m'mapapo. Musamupatse aspirin, poti ngati mtsempha waphulika magazi adzatuluka kwambiri. Musamuwonjezere mapiritsi a BP kuti itsike msanga. Mugonekeni cham'mbali. Kuchokera ku Zóbuè kufika ku Hospital Provincial de Tete ndi makilomita oposa 100, choncho yambirani chipatala chapafupi, iwo ndiwo atumize. Pa chikuto cha kabuku kaja lembanipo lero nambala za foni za anthu awiri a galimoto amene angadzuke usiku, ndipo mkati mwake mupindiremo ndalama ya mafuta imene wina aliyense pakhomopo asaikhudze.